Mfuti itasiya kulavula moto

Atsibweni anga atamwalira ku Kaliyeka, tidakhala pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa nyumba kuti tione katundu amene adasiya. Sadali munthu wachuma. Padali njinga yakapalasa, wailesi, masuti awiri, Baibulo lothothoka chikuto, ndi bokosi lachitsulo limene lidakhala kunsi kwa bedi zaka zonse. M'bokosimo tidapezamo zinthu ziwiri zimene achinyamata sadazimvetse: nyanga ya ng'ombe yotseka ndi kamtengo, yakuda bii m'kati mwake, ndi kapepala kofiirira kokhala ndi chidindo cha apolisi. Chinthu chachitatu chidali chotsamira pakona kuchipinda, chokulunga m'chitenje. Iyi idali mfuti ya mpweya, imene ambirife timangoti eyagani.

Mdzukulu wina adafunsa kuti, "Kodi agogo anali msilikali eti?" Tonse tidaseka, pakuti mkuluyo adali dalaivala wa m'boma moyo wake wonse, ndipo mfuti kwa iye idali ya Loweruka basi. Koma funso la mwanayo lidandikhala kumtima. Zinthu zitatu zija, mukaziika pamodzi, zikusimba mbiri ya mfuti m'dziko muno kwa zaka zoposa 150. Zikusimbanso chifukwa chimene munthu wokonda kuwombera adasiyira mfuti yamoto n'kutenga yampweya, iye osadziona ngati watsika.

Nyanga ya onga

Nyanga ija idali ya agogo, bambo awo a atsibweni. Ankasungiramo onga wa mfuti yawo ya gogodela. Achinyamata a lero mwina simudaione mfuti imeneyi. Dzina lake likunena lokha: unkathira onga kukamwa kwa mfuti, n'kutsendera kansanza kapena luzi, n'kuponyamo chipolopolo chamtovu kapena kachidutswa ka chitsulo, kenaka n'kugogoda ndi ndodo mpaka zonse zitakhazikika. Ukawombera kamodzi, wayambanso ntchito yonseyo. Njati ikapanda kugwa, mlenje ankadalira miyendo yake ndi mtengo umene uli pafupi. Nthawi zina onga ukachuluka mfuti inkaphulika, ndipo m'midzi yambiri mudali akuluakulu operewera zala.

Makolo athu adali alenje mfuti isadabwere. Adali ndi uta ndi mivi, mikondo, zibonga, maukonde, mbuna ndi misampha, ndipo nthawi ya chilimwe mudzi wonse unkapita ku uzimba ndi agalu. Anyamata ankayamba ndi ulimbo ndi madiwa. Kusaka kudali ndi miyambo yake: amene wayamba kulasa ali ndi gawo lake, mfumu ili ndi gawo lake, ndipo mlenje sankadya yekha. Mfuti idalowa pakati pa zonsezi kudzera m'njira ziwiri. Ina idachokera ku Zambezi, m'manja mwa Achikunda osaka njovu amene ankachita malonda ndi Apwitikizi. Ina idachokera kunyanja yamchere, m'manja mwa Aswahili ndi Ayao. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, adakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo nsalu, mikanda, mfuti ndi onga zinkaoloka nyanja kubwera kuno, pamene minyanga ya njovu ndi anthu zinkaoloka kupita uko.

Apa m'pamene pali muzu wa nkhani yonse. Mfuti kwathu kuno siidabwere ngati choseweretsa. Idabwera ngati mtengo wogulira munthu, ndiponso ngati chida chogwirira munthu wina woti akagulitsidwe. Mfumu yokhala ndi mfuti inkagona tulo. Yopanda mfuti inkasamutsira anthu ake kuphiri kapena kumanga linga. Angoni, amene adaoloka Zambezi mu 1835, ankadalira nthungo ndi chishango, ndipo adasautsa midzi yambiri ya Achewa. Koma Mwase wa ku Kasungu, amene adasonkhanitsa mfuti kudzera m'malonda a minyanga, adatha kulimbana nawo. Anthu adaphunzirapo phunziro limene silidachokebe m'mitu mwathu: mwini mfuti ndiye mwini mawu.

Azungu aika malire

Azungu adalidziwa bwino phunziro limeneli. Mu 1890 maiko a ku Ulaya adasainirana pangano ku Brussels lothetsa malonda a akapolo, ndipo m'panganomo adaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa. Zimene adalola kuti zizigulitsidwabe ndi zachikale zija zothira onga kukamwa. Chaka chotsatira, mu 1891, dziko lino lidalowa m'manja mwa Angerezi, ndipo Harry Johnston adayamba nkhondo zogonjetsa mafumu amene adali ndi zida. Mlozi wa ku Karonga adapachikidwa mu Disembala 1895. Pofika kumapeto kwa zaka zimenezo, mfuti yabwino idali ya boma ndi ya mzungu. Munthu wakuda adatsala ndi ya gogodela, ndiponso yolipira chiphaso.

Kuwombera kongosangalala, kumene Angerezi ankakutcha masewera, kudafika ndi anthu omwewa. Alfred Sharpe, amene adalowa m'malo mwa Johnston nadzakhala bwanamkubwa woyamba wa Nyasaland, adafika kuno mu 1887 ngati mlenje wa njovu. Mabwana a m'maboma ndi eni minda ya fodya ankapita kutchire ndi onyamula katundu, kukapha nyama kuti apachike nyanga zake pakhoma. Nyama zitayamba kuchepa, iwo omwewo adakhazikitsa malo otetezedwa, kuyambira ku Elephant Marsh ndi ku nyanja ya Chilwa mu 1897. Malamulo a nyama amene adatsatira, monga la 1911 ndi la 1926, adapanikiza njira zambiri zimene makolo ankasakira. Mwini dziko wokumba mbuna adasanduka wakuba nyama, pamene mlendo wogula chiphaso adali katswiri wa masewera. Nanga munthu amene njovu zikumuthera chimanga akadamva bwanji?

N'chifukwa chake John Chilembwe ataganiza zoukira, chimodzi mwa zinthu zoyamba chidali kufuna mfuti. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 adatumiza gulu la anthu ake kuchokera ku Mbombwe kupita ku Blantyre kukathyola nyumba yosungiramo zida ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Adangotengako mfuti zochepa alonda atadzidzimuka, ndipo pasanathe masabata awiri Chilembwe adaphedwa. Kuyambira pamenepo boma la atsamunda lidayang'ana ndi diso lofiira munthu wakuda aliyense wofuna mfuti. Njira yotseguka yogwirira mfuti yamakono idali imodzi: kulembedwa usilikali wa King's African Rifles, kukamenya nkhondo za eni ake ku Tanganyika, ku Abyssinia ndi ku Burma. Pobwerera, mfuti inkatsala kukampu.

Kapepala ka apolisi

Ufulu wa 1964 sudamasule mfuti. Lamulo la mfuti la 1967 lidaika zonse m'manja mwa apolisi: kulembetsa mfuti, kupereka chiphaso, ndi kulanda ngati mwini wake sakuyenera. Ichi sichidali cholakwika. Dziko lililonse lanzeru limatero. Cholakwika chidali chakuti pambali pa asilikali ndi apolisi padamera gulu lachitatu lokhala ndi zida. Apayoniya, amene adakhazikitsidwa mu 1963 kuti aziphunzitsa achinyamata ulimi ndi ntchito zamanja, adasanduka maso ndi nkhonya za chipani. Amene mudakhalako nthawi imeneyo mukukumbuka: pamsika, padepoti, pachipatala, munthu ankayamba wafufuza khadi m'thumba asadafufuze ndalama.

Atsibweni adafika ku Lilongwe mu 1975, chaka chimene likulu lidasamuka kuchoka ku Zomba. Adapeza malo ku Kaliyeka n'kuumba zidina okha. Mzindawu udali waung'ono. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000, ndipo wa 1977 adapeza pafupifupi 99,000. Ankasimba kuti masiku amenewo ukangodutsa nyumba zomalizira unkalowa m'minda ndi m'tchire, nkhwali zinkalira m'mamawa, ndipo kalulu ankadumpha pamsewu galimoto ikawalitsa nyali. Mfuti yawo ya chifefe adaigula kwa mzungu wina wa paesiteti amene ankabwerera kwawo. Adayenda maulendo angapo kwa DC ndi kupolisi chiphaso chisadatuluke, ndipo chaka ndi chaka ankapita kukachilipira osaphonya.

Kumapeto kwa mwezi ankakwera basi kupita kumudzi, cha kumunsi kwa mapiri a Dzalanyama, chifefe chili m'thumba lake lachinsalu. Ankabwerako ndi nkhanga ziwiri kapena zitatu, mwina gwape. Koma ine ndidazindikira ndili wamng'ono kuti nyama siidali nkhani yeniyeni. Tsiku lina tidayenda kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kupendeka osawombera ngakhale kamodzi. Ine ndidakwiya. Iwo adangoti, "Mphwanga, wosaka ndiwo amapita kubutchala. Ife tabwera kudzaphunzira kukhala chete." Ndidaona ngati akungodzitonthoza. Ndidadzamvetsa patapita zaka makumi awiri.

Chimene chidasintha zonse ndi zaka ziwiri zokha, 1992 ndi 1993. Ku Mozambique, nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo idatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Dziko lino lidasunga anthu othawa nkhondoyo oposa miliyoni imodzi, ndipo malire athu ndi Mozambique, kuchokera ku Nsanje, Mulanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza mpaka ku Dzalanyama komweko, m'malo ambiri ndi msewu kapena mzere wa munda chabe. Nkhondo itatha, mfuti zidatsala zilibe ntchito, eni ake ali ndi njala. Dzina loti AK-47, limene kale tinkangolimva pa wailesi, lidalowa m'nkhani za pamaliro ndi za m'minibasi.

Kenaka padadza Bwezani. Amalawi atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993, funso lidatsala lakuti zida za apayoniya zithera kuti. Pa 1 Disembala chaka chomwecho apayoniya adawombera ndi kupha asilikali awiri ku Mzuzu. Lachisanu pa 3 Disembala asilikali adatuluka m'makampu. Kamuzu Barracks si patali ndi Kaliyeka, ndipo anthu a kuno, a ku Chilinde, a ku Kawale ndi a ku Area 23 adaona magalimoto a asilikali akuthamangira m'tauni. Likulu la apayoniya ku Youth House lidaphwasulidwa, ndipo kulira kwa mfuti kudamveka mzinda wonse. Ena adabisala kunsi kwa bedi, ena adathamangira kumsewu kukaimba nthungululu. Apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique, ndipo si zida zonse zimene zidapezeka.

Tidapeza ufulu wolankhula, koma tidataya tulo. Chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chitadutsa, umbava wa mfuti udakula kuposa kale lonse. Magolosale adayamba kutseka dzuwa likangolowa, mawindo adavala zitsulo, ndipo amuna a m'makomboni adayamba kulondera usiku mosinthana, atanyamula zibonga ndi mawenzulo. Boma lidayambitsa zoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu a m'madera. Vutoli silidali lathu lokha. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC adasainira pangano loletsa kufala kwa mfuti, ndipo adasainira ku Blantyre konkuno.

Inu mungaganize kuti nthawi yotere munthu wokhala ndi chifefe m'nyumba ndiye wodala. Atsibweni adaona mosiyana. Aliyense ku Kaliyeka ankadziwa kuti m'nyumba muja muli mfuti, ndipo chimene aliyense akudziwa, mbava nayo ikudziwa. Akuba ankafuna mfuti kuposa wailesi. Usiku wina anthu adagogoda pazenera n'kunena kuti, "Madala, tikudziwa chimene muli nacho. Tibweranso." Sadabwerenso, koma azakhali sadagonenso bwino. Kuwonjezera apo, zipolopolo zidakwera mtengo kwacha itagwa mu 1994, ndipo kumudzi kuja tchire lidali litasanduka minda ndi mauvuni a makala. Lamulo latsopano la nyama zakutchire la 1992 nalonso lidali litafika. Udzalipira bwanji chiphaso chaka ndi chaka cha mfuti yopanda kokailizira?

M'mawa wina adavala suti, adakulunga chifefe m'thumba lake, n'kupita nacho kupolisi. Adabwerako ndi kapepala kaja. Nditawafunsa ngati sizidawapweteke, adati, "Zandipweteka. Koma mfuti imene ikukulondera ndi ina, imene iwe ukuilondera ndi ina. Yangayi ndimailondera ndine." Chapanthawi yomweyo, kutsidya kwa malire, Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique adayambitsa mu 1995 ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Amisiri adadula mfutizo n'kuwotcherera zidutswa zake kukhala mpando ndi mtengo, zimene zidakafika ku British Museum ku London. Atsibweni sadalandire khasu kapena njinga. Adalandira tulo.

Yokulunga m'chitenje

Adakhala zaka pafupifupi khumi osagwira mfuti. Loweruka ankangokhala pakhonde, kapena kupita kukaonera bawo. Ndiye mwana wawo wachiwiri, amene ankagwira ntchito ku Johannesburg, adawabweretsera eyagani. Ku South Africa lamulo la mfuti la 2000, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2004, lidapanikiza kwambiri eni mfuti zamoto, koma lidachotsa m'gulu la mfuti zofuna chiphaso mfuti zampweya zazing'ono, zosafika mamilimita 5.6 kukamwa. Motero zidadzaza m'masitolo, za ku Germany zodula ndi za ku China zotchipa, ndipo abale athu a ku Joni adayamba kubwera nazo pamodzi ndi mabulangete ndi mawailesi. Apa ndichenjeze: lamulo la ku Joni si lamulo la kuno. Musadanyamule kapena kugula, yambani mwafunsa kupolisi. Paja safunsa adadya phula.

Mkuluyo poyamba adainyoza. Adati, "Ichi n'cha ana ichi, legeni yovala buluku." Koma mfuti yampweya si yachibwana, ndiponso si yatsopano. Cha m'ma 1780 asilikali ena a dziko la Austria ankanyamula mfuti yampweya imene adapanga Girardoni. Inkatha kuwombera zipolopolo pafupifupi 20 motsatizana, popanda utsi, nthawi imene msilikali wa mfuti ya onga ankagogoda ndodo pa chipolopolo chilichonse. Vuto lake lidali kupopa: pankafunika kupopa kokwana ngati 1,500 kuti botolo lake lidzaze, ndipo ikaonongeka ankaikonza ndi mmisiri wodziwa yekha. N'chifukwa chake asilikali adaisiya, ndipo idakapeza malo ake enieni m'masewera.

Zoti anthu asiye mfuti yamoto n'kutenga yampweya zidachitikapo kwina, ndipo kawirikawiri zidachitika nkhondo kapena tsoka litadutsa, monga momwe zidakhalira kuno. Angerezi atavutika pa nkhondo yolimbana ndi Mabunu ya 1899 mpaka 1902, adazindikira kuti anyamata awo sadziwa kulunjika. Anthu wamba a m'mafakitale a ku Birmingham, amene sakadatha kugula zipolopolo zamoto, adayamba mipikisano ya eyagani m'zipinda za m'malo omwera mowa, akuwombera kabowo kokhala ndi belu kumbuyo kwake. Kampani ya BSA, yomwe ija ya njinga zimene agogo athu ankazitama, idayamba kupanga mfuti zampweya mu 1905.

Chitsanzo chachikulu ndi Germany. Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, maiko opambana adaletsa Ajeremani kukhala ndi mfuti. Dzikolo lidali ndi magulu a masewera owombera m'midzi ndi m'matauni kuyambira kalekale. Chiletso chitayamba kufewa cha m'ma 1950, chimene chidaloledwa msanga ndi mfuti yampweya, ndipo magulu aja adauka nayo imeneyo. Makampani monga Diana, Weihrauch, Walther ndi Feinwerkbau adalimbikira kuikonza mpaka idafika polunjika modabwitsa. Mu 1984 ku Los Angeles mpikisano wa eyagani udalowa m'masewera a Olimpiki. Ku Britain nako, munthu wina atapha ana asukulu 16 ndi mphunzitsi wawo ku Dunblane mu Malichi 1996, boma lidaletsa mfuti zambiri zam'manja mu 1997, ndipo ena mwa okonda masewerawa adatembenukira ku zampweya.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta. Ya atsibweni idali yothyola pakati. Ukaithyola, umapanikiza sipuling'i yaikulu imene ili m'kati. Ukaika kachipolopolo n'kuitseka, yakonzeka. Ukakoka chala, sipuling'i imakankha mpweya mwamphamvu m'kabowo kakang'ono, ndipo mpweyawo ndiwo umatulutsa kachipolopolo. Palibe onga, palibe moto, palibe utsi. Tizipolopolo take, timene timati mapeleti, n'tamtovu, ta mamilimita 4.5 kapena 5.5, ndipo kang'ono kaja kamalemera ngati theka la galamu. Kachitini kamodzi kamakhala ndi 500. Munthu amene ankawerenga zipolopolo za chifefe ngati mazira adapezeka akuwombera makumi asanu pa Loweruka limodzi thumba osalira.

Kuseli kwa nyumba adaunjika matumba amchenga patsogolo pa mpanda wa njerwa, adayeza mapazi khumi ndi awiri, n'kukhoma kapepala kojambula kadontho. Apa m'pamene eyagani idawachititsa manyazi. Chifefe chimamwaza tizipolopolo tambiri nthawi imodzi, ndiye chimakhululukira dzanja lonjenjemera. Eyagani siikhululuka. Kachipolopolo n'kamodzi, ndipo kamachedwa kutuluka, kotero ukangogwedezeka, ukapuma molakwika, ukakoka chala mwaukali, kapita kwina. Pa mpikisano wa Olimpiki amaima mamita 10, ndipo kadontho kapakati n'ka theka la milimita, ngati kadontho kotsiriza chiganizo chino. Abhinav Bindra wa ku India adapata golide pa mpikisano umenewu mu 2008. Atsibweni sadafike pamenepo, koma patatha chaka ankagwetsa chitsekerero cha botolo kasanu motsatizana. Adandiuza kuti, "Zaka zonse zija ndimayesa ndimadziwa kuwombera. Ndimangodziwa kuphokosera."

Apo m'pamene ndidamvetsa mawu aja a ku Dzalanyama. Mukachotsa nyama, mukachotsa phokoso, mukachotsa mantha amene anthu amakhala nawo poona mwini mfuti, chimatsala n'chiyani? Chimatsala ndi diso, mpweya wa m'chifuwa ndi mtima wodekha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kwa zaka zoposa zana mfuti kwathu kuno idali ya ukapolo, ya msonkho, ya chipani ndi ya mbava. Kuseli kwa nyumba ina ku Kaliyeka, m'manja mwa nkhalamba yopuma pantchito, idasanduka masewera.

Koma tisanamizane

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Eyagani imapha. Imapha njiwa, imapha mphaka, imaboola diso, ndipo ikalasa pamalo oipa imapha munthu, makamaka mwana. Kachipolopolo kake kakaphonya kamapitirira mamita mazana, ndipo kakagunda mwala kapena chitsulo kamabwerera. Ku Kaliyeka kwa lero si kuja kwa 1975. Kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo m'makomboni mwathu khomo la wina limayang'ana bafa la mnzake. Ndikudziwa mnyamata amene adakula ndi diso limodzi chifukwa mnzake adabera bambo ake eyagani n'kumati akungoseka. Makolo a ana awiriwo, amene ankapemphana mchere, sadalankhulanenso mpaka banja lina lidasamuka.

Chachiwiri ndi mbalame. Ambiri amene akugula eyagani lero sagulira kapepala kojambula kadontho ayi. Amagulira njiwa, apumbwa ndi chilichonse chotera pa waya wa magetsi. Mnyamata wa legeni ankaphonya kasanu ndi kanayi pa khumi, ndipo mbalame zinkatsala. Wa eyagani saphonya kawirikawiri. Agogo adatha njovu ndi gogodela, atsibweni ndi anzawo adachepetsa nkhanga ndi chifefe; kodi ife titsirize timba ndi mpheta? Lamulo la nyama zakutchire lidakhwimitsidwa mu 2017, ndipo milandu ikuluikulu ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende. Koma palibe wapolisi amene angalondere mtengo uliwonse wa mango. Mlonda wake ndi mwini mfuti yemweyo.

Atsibweni adali ndi malamulo awo anayi, ndipo mdzukulu wophwanya limodzi ankakhala mwezi osaigwira. Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo, ngakhale waitulutsa wekha. Usaloze chimene sukufuna kuboola. Dziwa chimene chili kuseli kwa chimene ukuwombera. Mapeleti amakhala kwina, mfuti kwina, kiyi m'thumba la mwini wake. Lachisanu silidali lamulo koma chizolowezi: chamoyo chokha chimene ankawombera ndi makoswe a m'khola la nkhuku. Njiwa zinkatera pa mpanda womwewo wa matumba amchenga, iwo n'kutsitsa mfuti kudikira kuti ziuluke. Ankaseka n'kumati mbalame ikatera pauta silasika.

Chimene chikusoweka ndi malo. Mu 2016 Areneo David adaimira dziko lino pa masewera a Olimpiki ku Rio de Janeiro ndi uta ndi mivi, chida cha makolo chimene tinkachiyesa chachikale. Ngati uta udapeza aphunzitsi ndi bwalo, eyagani ingalephere bwanji? Siifuna bwalo la mpira. Imafuna chipinda cha mamita khumi ndi pang'ono, khoma lolimba, ndi munthu wamkulu wodziwa malamulo. Holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ingakwane. Mtsikana angapikisane ndi mnyamata, wolumala miyendo angapikisane atakhala pampando, ndipo nkhalamba ingagonjetse mdzukulu wake. Mfuti zili kale m'makomboni muno, tifune tisafune. Chimene tingasankhe n'chakuti ana aziphunzire pamaso pa akulu, kapena aziphunzire okha kuseli kwa chimbudzi.

Tsiku logawa katundu lija, njinga idapita kwa mwana wamkulu, wailesi kwa azakhali, masuti kwa achimwene awo a malemu. Nyanga ya onga ndi kapepala ka apolisi adandipatsa ine, poti ndine wokonda zakale. Pa eyagani padali kukangana pang'ono, pakuti anyamata atatu ankaifuna. Azakhali, amene adakhala chete nthawi yonseyo, adafunsa kuti, "Mwa inu nonse, ndani anganene malamulo a agogo anu osaphonya?" Anyamata aja adayang'anana. Amene adawanena onse anayi, mwadongosolo lake, adali mdzukulu wamkazi wa Fomu 2, amene Loweruka lililonse ankakhala pambali kutolera zitsekerero za mabotolo. Adamuuza kuti mfutiyo izikhalabe kwa agogo ake aakazi, yokhoma, mpaka atakula ndi kukaonana ndi apolisi. Matumba amchenga aja akadalipo kuseli kwa nyumba.